Utsi uwiri umene a Shaba anaona

Mbiri imene inawerengedwa pamanda a apongozi anga, a Yotamu Shaba, sinathe ndi mphindi ziwiri zomwe. Mkulu wa mpingo anangoti anabadwira m'mudzi womwewu, anabatizidwa, anakwatira anyaTembo, anagwirapo ntchito kunkhalango ya paini ku Chikangawa, anadwala nthawi yaitali, lero atisiya. Basi. Anthu anayankha ameni mothamanga ngati akuthawa mvula. Wamkulu aliyense pamenepo ankadziwa kuti pakati pa kugwira ntchito ndi kudwala padumphidwa zaka ziwiri zathunthu, koma kumbuyo kwa khamulo kunaima amuna awiri a nsapato zopolishidwa amene panalibe wodziwa kwawo. Mwina anali achibale a kutali. Mwina ayi. Masiku ano ngakhale pamaliro munthu umayamba waona amene waima nawe usanatsegule pakamwa.

Papita mwezi tsopano. Wolemba pano ndine mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Esinati. Kwathu ndi ku Dedza, ntchito yanga ndi yoyendetsa malole a matabwa. Ndinene poyera kuti sindinali bwenzi lawo, ndipo sindikulemba zowatamanda. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu ndakhala ndi funso limodzi m'mimba mwanga: kodi mkuluyu ankadwaladi tsiku lija moto unabuka, kapena anatinamiza tonse? Ngati anatinamiza, ndiye kuti ine ndinachita bwino. Ngati ankadwaladi, ndiye kuti amene anawatsekeretsa ndine.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa khosi lowongoka. Mowa sankaulawa, fodya sankamugwira. Ku Chikangawa kumazizira moti mwezi wa Juni udzu umayera mbuu m'mawa, koma iwo ankasamba madzi ozizira chaka chonse, ndipo anyaTembo akawafunditsira madzi ankabweza. Ankati madzi otentha amawabera miyendo. Dzuwa likakula ankanyika kansalu m'madzi n'kukaika m'kati mwa chipewa, madzi akuyenderera m'makutu, ife n'kumaseka chakumbali. Tinkangoti ndi ukamberembere wa munthu wofuna kusiyana ndi anzake.

Kusiyana nafe ankasiyanadi. Ntchito yawo inali ya ulonda wa moto pansanja yaitali yachitsulo imene inaima pamwamba pa chitunda. Ankakwera dzuwa likutuluka n'kutsika likulowa, ntchito yake kuyang'ana basi, ndipo akaona utsi ankapukusa telefoni kuuza kalaliki kuofesi. Utsi ankautchula m'Chitumbuka chawo, josi, ndipo ankati uli ndi mitundu ngati anthu. Wa udzu ndi woyera ndiponso wopupuluma, wa paini ndi wakuda ndipo umayamba wadzikundika, wa ofula njuchi ndi wowonda, umachita manyazi. Ankathanso kukuuza ngati moto wayatsidwa ndi wosaka mbewa kapena wagwa ndi mphenzi. Alonda achinyamata ankawakalipira akathamanga pamakwerero, amvekere munthu wofika pamwamba akupuma wefuwefu maso ake amanjenjemera, ndipo maso onjenjemera amanama.

Ine ankanditcha mkweni, monga amatchulira mkamwini kumeneko. Ndikawakwiyitsa ndinkasanduka "a Dedza." Ndipo ndinkawakwiyitsa kawirikawiri. Akakwera lole yanga sankatha mtunda osandidzudzula kuti ndasintha giya mochedwa, munthu amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire! Tsiku lina tinakangana kuyambira kumacheka a matabwa mpaka ku Mzimba boma za mtengo umene tinaudutsa, iwo akuti unali wouma ndi chiswe, ine ndikuti ndi moto. Pobwerera anandiimitsa, anatsika, anakaswa khungwa ndi mwala n'kundibweretsera chiswe m'manja. Sanaseke n'komwe. Anangoti, "Mbwenu, a Dedza, tiyeni." Munthu wotere ukamukonda umamukonda ndi mano okukuta.

Amene anawadziwa kumapeto kokha sangakhulupirire zimenezi. Zaka zawo zomaliza kumudzi, kufupi ndi Jenda, a Shaba anali munthu woseka. Osati woseka nthabwala ayi. Kuseka kunkangowagwera monga chimagwera chifuwa. Pamaliro a mng'ono wawo weniweni anaseka mpaka misozi, bokosi likutuluka m'nyumba, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti amudya ndi iwowo. Tsiku lina anyaTembo anawauza kuti nkhuku yaswa anapiye, iwo n'kulira ngati mwana. Ukawafunsa ngati akumva chisoni ankakana, akulirabe. Ine ndikafika n'kukhala chapatali mwaulemu, ankandiyang'ana n'kuyamba kugwedeza mapewa, ndipo mumtima ndinkati akundiseka ineyo. Ndinkati akudziwa chimene akuchita.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kubwerera ku moto uja.

Unali mwezi wa Okutobala, masana, mphepo ikuwomba kuchokera kummawa. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa lole ya ozimitsa moto. Lamulo la ntchito linali lakuti nsanja imodzi ikaona utsi, kalaliki adikire nsanja yachiwiri nayonso inene kumene ikuuona. Pakhoma panali mapu okhala ndi tizingwe, ndipo pamene tizingwe ta nsanja ziwirizo tapingasana ndi pamene pali moto. Koma lamulo limeneli linali la alonda ena. A Shaba akaimba telefoni panalibe wodikira chingwe chachiwiri, chifukwa kwa zaka zonse sanaphonyepo. Ankangotchula malo, ife n'kuliza injini.

Tsiku limenelo anati moto uli kuseri kwa chitunda chimene antchito tinkachitcha Chamiyala. Tinapakira mapampu a kumsana, makasu ndi zikwanje, amuna lole yodzaza, n'kuuyatsa. Misewu ya m'nkhalango ndi yokhotakhota, ndipo mitengo imakutsekera kumwamba moti suona patali. Titatulukira ku Chamiyala tinapeza kuli zii, mbalame zikulira. Mnzanga Lufeyo, amene ankakhala nane kutsogolo, anakwera pamwamba pa lole, anatembenuka, n'kungoti, "Mayo ine!" Kumbuyo kwathu, ku chitunda china chotchedwa Chachitali, kumwamba kunali kutada bii.

Pamene tinkazungulira kuti tikafike, moto unali utakwera kale kunsonga za mitengo. Amene sanaonepo paini akuyaka kumwamba asanene kuti amadziwa moto. Unatentha masiku awiri, n'kudya mitengo imene anthu anaibzala ine ndisanaphunzire kuyendetsa galimoto. Lufeyo mphepo inamutembenukira, anapsa manja onse awiri mpaka m'zigongono. Ndinamunyamula ndine kupita naye kuchipatala, ndipo fungo lake silinachoke m'lole muja kwa milungu ingapo.

A Shaba anati maso ndiwo anawapusitsa. Anati kwa sabata yathunthu ankaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo anabisa poopa kutsitsidwa pansanja. Tsiku la motolo anaona mizere iwiri ya zitunda itasanjikizana, utsi wa uku utakhala pa chitunda cha uko, ndipo anatchula cholakwika. Moto utazima ankayenda atatseka diso limodzi ndi dzanja. Anthu ena anawamvera chisoni. Koma patapita milungu itatu dzanja lija linatsika, ndipo anayamba kuyenda bwinobwino ngati palibe chinachitika. Kuchira kumeneko ndi kumene kunawapachika.

Msonkhano unaitanidwa ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani, pabwalo la kumacheka. Dzina lake sindilemba, akadali moyo ndipo baji akuvalabe. Anyamata a malaya ofiira anayenda nyumba ndi nyumba kuti pasatsale munthu. A Shaba anawaimika pakati, dzuwa likuswa mtengo, chipewa atawavula.

"A Shaba," anatero tcheyamani, "tauzani anthuwa, maso anu anatani?"

"Ankaona ziwiri, a tcheyamani. Phiri limodzi, mapiri awiri. Josi nalo chimodzimodzi."

"Nanga lero mukundiona angati?"

"Mmodzi."

Anthu anaseka, ena chifukwa chinawasekesa, ena chifukwa anyamata aja ankayang'ana amene sakuseka.

"Ndiye matenda anuwa ndi ophunzira," anatero tcheyamani. "Amadziwa tsiku lobwera ndi tsiku lopita."

Kenaka anayamba kuwerenga milandu yakale, ndipo ndinazindikira kuti munthuyu sanayambe lero kusunga. Anakumbutsa za msonkhano waukulu wa ku Mzimba chaka chapitacho, pamene tonse tinaima padzuwa kumvera nduna, a Shaba okha n'kukhala pansi m'fumbi akuti miyendo yafa, koma madzulo ake anthu anawaona akuyenda pamsika. Anakumbutsa kuti khadi la chipani ankagula mochita kukumbutsidwa. Anakumbutsa kuti anang'ung'udza pamene ukapitawo wa alonda unapatsidwa kwa munthu wina wochokera m'chigawo chapakati. Zonsezo zinali zoona. Zikasanjidwa choncho, ngakhale iwe mwini ukhoza kudzikayikira.

Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Iwe dalaivala, awa si apongozi ako? Nyumba zanu si zoyang'anana? Tauza gulu. Amaona kapena saona?"

Anawonjezera, akumwetulira, kuti anthu ena akudabwa kuti lole inasochera bwanji ndi dalaivala wodziwa misewu chonchi, amenenso ndi wa m'banja lomwelo.

Ndikanatha kuthawa funsolo, ndipo njira inali yotseguka. Mwambo wa kumeneko sulola mkamwini kuyang'anitsitsa apongozi kumaso kapena kulondola zochita zawo. Ndikanangoti, pepani a tcheyamani, ine apongozi sindiwayang'ana, bwalo lonse likanandimvetsa. Koma ndinali ndi mantha, ndinalinso ndi ukali, ndipo manja a Lufeyo anali m'maso mwanga. Ndinati amaona. Mpaka pamenepo mwina Mulungu akanandikhululukira. Koma pakamwa panga panapitirira pokha. Ndinati dzulo lomweli ndawaona pakhonde akulowetsa ulusi pasingano, kamodzi kokha, osaphonya.

Zinali zoona. Ndinawaonadi.

A Shaba sanandiyang'ane. Anangowerama n'kutola chipewa chawo. Mawa lake kunabwera galimoto yotseka kumbuyo, ndipo anapita osazengedwa mlandu, osauzidwa kuti abwera liti. AnyaTembo anatulutsidwa m'nyumba ya ntchito sabata yomweyo, anabwerera kumudzi ndi mitolo pamutu. Esinati sanandilankhule mpaka mvula inagwa. Atatsegula pakamwa anangonena kamodzi, ndipo sanabwerezenso mpaka lero.

"Bambo a m'nyumba, zoti amaona munafunsidwa. Za singanozo anakufunsani ndani?"

A Shaba anabwera patapita mvula ziwiri. Anawatsitsa pa Mzimba boma ndi malaya omwe anapita nawo. Kumene anali sanakutchule kwa munthu aliyense, ngakhale kwa akazi awo. Wowafunsa ankamuuza kuti anali kusukulu, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Mwendo wakumanzere ankaukoka. Nditawaona koyamba ndinalephera kudya. Ndinati awamenya mpaka kuwalumaza, ndipo ndodo yowamenyerayo ndinaisema ndine. Ndinagwada patali n'kuomba m'manja, iwo anayankha moni wanga bwinobwino, "Yewo, mkweni," n'kufunsa ngati mabuleki a lole ija anakonzedwa. Za msonkhano sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Patatha miyezi inayi ndikudutsa pa Jenda ndi matabwa, ndinaona munthu wamtali akupalasa njinga, thumba la chimanga kumbuyo, chipewa chikudontha madzi. Ha! Ndinatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Anali iwo, miyendo yonse iwiri ikugwira ntchito. Ndiulule chinthu chonyansa: ndinasangalala. Osati chifukwa achira. Ndinasangalala chifukwa ndinati, waona, munthuyu ndi kamberembere, amadwala akafuna, amachira akafuna, ndiye kuti sindinalakwe. Ndinaimba nyimbo mpaka ku Kasungu.

Zaka zotsatira zinayenda choncho, ndipo mtima wanga unkayenda nazo. Chaka china dzanja lamanja linachita dzanzi, makapu ankawapulumuka, kenaka linabwerera. Chaka china lilime linalemera, ankalankhula ngati wachokera kumowa, mpaka akulu a mpingo anawaitana kudzawanunkhiza m'kamwa. Chaka china diso limodzi linachita chifunga ndi kupweteka akaliyendetsa. Zambiri zinkakula nyengo yotentha, anthu akupanga mizere m'minda, ndipo pamudzi ankati matenda a a Shaba amadziwa nthawi ya khasu. Alongo awo ankaloza anyaTembo kuti anawadyetsa mankhwala kuti azikhala pakhomo. Ena ankati akubisala kuti a chipani asawatengenso. Aliyense anali ndi nkhani yake, ndipo ine ndinkatola iliyonse yondikomera. Chimene sindinkafuna kuona n'chakuti chilichonse chikapita chinkasiya kachidutswa. Dzanja linabwerera, koma mabatani ankawamangira anyaTembo. Njinga ija inakhala pakhonde mpaka matayala anaphwa.

Esinati ndiye anakakamiza zoti tipite nawo kuchipatala cha mishoni, ndipo ine ndinapita chifukwa pankafunika wowakweza ndi kuwatsitsa m'basi. Dokotala anali mayi wachizungu wa imvi, ndipo sanafulumire. Anafuna nkhani yonse kuyambira pachiyambi, mkulu wina wa chipatala akumasulira. Pamenepo ndinamva koyamba kuti ali mnyamata, asanakwatire, mwendo unawafera mwezi wathunthu n'kudzuka wokha. Dokotala anawaunika m'maso ndi katochi, anawagogoda m'mawondo, anawakanda kuphazi ndi kiyi. Anawauza kuti atsinzine n'kugwira mphuno yawo ndi chala, ndipo chala chinayendayenda m'malere chisanaipeze.

Atamva kuti ndine dalaivala anandifotokozera ineyo, mwina poganiza kuti ndine wowakonda kwambiri. Anati mitsempha imene imatenga mauthenga m'bongo ndi m'msana ili ndi chikuto chake, monga mawaya a galimoto. Pa matenda amenewa thupi limadziukira lokha n'kumakokota chikutocho, lero apa, chaka chamawa apo. Pamene pakokotedwa uthenga umachedwa kapena kusochera, ndiye munthu amaona ziwiri, kapena mwendo sumva. Thupi limayesa kumata, n'chifukwa chake munthu amaoneka wachira, koma pamalopo pamatsala chipsera, ndipo thupi likatenthedwa pomatidwa paja pamavutanso. Zaka zikachuluka zipsera zimachuluka, mitsempha ina imaferatu, bongo umanka nuchepa pang'onopang'ono. Anati ikhoza kudzafika nthawi yoti zosintha za kubwera ndi kupita zithe, kutsale kutsika kokhakokha, ndipo maganizo, chikumbumtima ngakhale kuseka ndi kulira zikhoza kusokonekera. Analemba dzina lake pakapepala: multiple sclerosis. Mankhwala ochiza anati alibe.

Ndinamufunsa ngati angationetse zipserazo pachithunzi. Anati makina amene ali nawo saona zimenezo. Anati akutengera mbiri ya zaka zonsezo ndi zimene wapeza poyeza, ndipo anavomera kuti kwawo matendawa anawaona kambiri koma kuno ndi osowa kwambiri. Anati akuganiza kuti ndi amenewo.

Akuganiza! Liwu limenelo ndinalitola n'kulisunga. Matenda a kwa azungu adzera njira iti kuti akapeze mlonda wa ku Jenda? Matenda osaoneka pachithunzi, opanda mankhwala, obwera ndi kupita? Ndipo ngakhale akhale oona lero, dokotalayo ku Chikangawa kunalibe. Ndani anganene kuti analipo tsiku lija? M'basi pobwerera a Shaba anapinda kapepalako n'kukaika m'thumba. Esinati anati tikaonetse a chipani kuti dzina lawo liyere. Iwo anakana. Anati munthu amene anatuluka m'kamwa mwa ng'ona sabwererako kukaionetsa chilonda.

Zimene dokotala ananena zinachitika ndi dongosolo lomwelo, ndipo zinandikwiyitsa kuti zikuchitika. Kuchira kuja kunasiya kubwera. Ndodo imodzi inasanduka ziwiri. Mkodzo unayamba kuwapulumuka, munthu waukhondo uja, ndipo anasiya kupita kutchalitchi. Ukawafunsa kanthu yankho linkabwera iwe utayamba kale nkhani ina. Ankaiwala kuti adya. Ankayamba chiganizo bwinobwino n'kuima pakati, maso akufunafuna liwu m'mwamba. Chichewa chinayamba kuwathawa, kunatsala Chitumbuka. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti anasiya kukangana. Tsiku lina ndinanena dala kuti utsi wa paini ndi woyera, kuti ndione ngati adzuke. Anangovomera kuti, "Enya, mkweni," akumwetulira. Ndinabwerera kulole, mbali ina ya mutu wanga ikunenabe kuti akunditchera msampha.

Chaka chatha ndinalimba mtima. Ndinawapeza okha kutsogolo kwa nyumba, pampando umene ankawakhazikapo alendo akabwera. Ndinaphwanya mwambo n'kusendera pafupi mpaka kugwira mkono wa mpandowo.

"Adada," ndinatero, "ndili ndi funso. Tsiku la moto lija, munaonadi utsi uwiri?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mapewa anayamba kugwedezeka, kuseka kuja kunabwera, misozi nayo. Kutatha anapukuta kumaso ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kufunsa pang'onopang'ono m'Chichewa chothyokathyoka.

"Moto uti, mkweni?"

Mpaka lero sindikudziwa ngati bongo unali utafufuta tsikulo, kapena munali mmene anasankhira kundilanga. Ndinachedwa nalo funsolo. Nthawi imene akanatha kuyankha ndinkaopa yankho lake.

Maliro atatha, alendo atabalalika, ife akamwini tinatsala kubweza mabenchi kutchalitchi ndi kusesa phulusa. AnyaTembo anatuma Esinati kudzandiitana. Zinandidabwitsa, chifukwa chikwatireni mwana wawo sitinalankhulanepo mawu oposa moni. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhomo, mutu wometa, ndipo analankhula akuyang'ana kumbali.

"Mkweni, ndinakumvani tsiku lija mukuwafunsa za moto. Ndinali m'khichini."

Ndinagwada chapatali, iwo n'kupitiriza.

"Sabata imene ija, moto usanabuke, ndine ndinkawaperekeza kunsanja m'mamawa uliwonse. Tinkadzera m'mitengo kuti anthu asatione. Ankapunthwa pa chilichonse. Pamakwerero ankaponda pamene palibe chitsulo, ndiye ndinkawagwira phazi n'kuliika ndekha, mpaka atakwera posafika dzanja langa. Ndinawapempha chomene kuti akanene kuofesi. Anati zipita zokha monga zinapitira kale."

"Nanga amama, pamsonkhano paja simunanene bwanji?"

"Ndinadzuka kuti ndinene. Anandiyang'ana, ndinakhala pansi. Anali atandiuza kale kuti ndikatsegula pakamwa atitenga tonse awiri, ine chifukwa chobisa. Ana akanatsala ndi yani?"

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze ine zaka zonsezi. Anakonza nsalu pamapewa.

"Munafunsa dokotala, munafunsa anzanu, munafunsa munthu amene mutu unali utapita kale. Ine munandifunsapo? Pitani kuseri mukamasule chingwe chawo. Ine sindingathe."

Kuseri kwa nyumba ya apongozi mkamwini safikako, ndipo ine ndinali ndisanapondeko. Ndi kamalo kakang'ono. Mbali ina kuli mpanda wa udzu wautali kuposa munthu, mbali ina khoma la nkhokwe, ndipo kumapeto kuli chimbudzi. Kuchokera pachitseko cha kumbuyo kukafika kuchimbudziko kunamangidwa chingwe cha khonje, chofika m'chiuno, chopachikidwa pa mitengo inayi yozika pansi. Chingwecho chinada ndi kusalala chifukwa cha manja, ndipo pamene chinkaduka panali mfundo, zina za khonje, zina za nsanza. Pakati pa njira panali chitsa chopumirapo, pamwamba pake posalala. Nkhuku imodzi inkasamba fumbi pafupi nacho.

Pansi pa chingwecho panali mizere iwiri. Kumanja kunali timaenje tosiyanasiyana, pamene phazi labwino linkaponda. Kumanzere kunali kangalande kamodzi kosadukiza, kuyambira pachitseko mpaka pachimbudzi, kokumbidwa ndi phazi lokokedwa m'mawa, masana ndi madzulo kwa zaka zimene sindinaziwerenge. Kumeneku sikudutsa njira ya anthu. Sikuoneka kuchokera kumsewu kapena pakhomo la munthu aliyense. Kunalibe tcheyamani, kunalibe mkamwini, kunalibe woti anamizidwe.

Ndinaima pachitseko ndi mpeni m'manja, n'kuika phazi langa m'kangalandemo. Nsapato yonse inalowa.